Nthaka imaziziritsa nyumba, tisaiiwale pomanga

Alimi anzanga, chaka chatha mu Okutobala ndidataya pafupifupi theka la nkhuku zanga tsiku limodzi. Sichidali chitopa ayi. Khola ndidalifolera ndi malata, ndipo masana a tsikulo munkatentha ngati mu uvuni. Nkhuku zinkangoti kukamwa yasa, mapiko tambasu, kenaka n'kugwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'khola langa lakale la udzu ndi dothi zoterezi sizidachitikepo.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa anzathu a m'maiko ozizira amalipira ndalama zankhaninkhani kuti apeze chinthu chimene ife tikuchithawa.

Ku Sweden, dziko limene madzi amaundana m'nyengo yozizira, nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi nthaka. Amakwirira mapaipi pansi, mita imodzi kapena awiri kuya kwake, mwinanso kuboola chitsime cha mamita 100 mpaka 200. M'mapaipimo mumazungulira madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana. Madziwo amatenga kufunda kwa nthaka, ndipo makina otchedwa heat pump, omwe amagwira ntchito ngati firiji, amalowetsa kufundako m'nyumba. Kunja kukatentha amangotembenuza, kutentha kwa m'nyumba n'kumapita pansi. Pa yuniti imodzi ya magetsi makinawa amapereka kutentha kwa mayuniti 3 kapena 4.

Sipafunika kasupe wa madzi otentha ngati wa ku Chiweta m'boma la Rumphi. Chinsinsi chake n'chakuti mukakumba mamita angapo, nthaka sisinthasintha: siitentha kwambiri m'chilimwe, siizizira kwambiri mu Juni.

Kodi makinawa tigule? Ine ndikuti ayi. Amafuna magetsi osazimazima pamene midzi yathu yambiri ilibe magetsi n'komwe, ndipo mtengo woboolera chitsime chokha ungathe fodya wa zaka zingapo. Koma nzeru yake si yachilendo kwa ife. Amayi athu ankasunga mbatata m'nkhuti mpaka miyezi ingapo. Madzi a pachitsime amazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono pomanga khola kapena nyumba tingachite izi. Choyamba, zipupa za dothi kapena njerwa zikhale zochindikala, chifukwa zimachedwa kutentha. Chachiwiri, ngati mwafolera ndi malata, ikani mphasa kapena bango kunsi kwake ndipo musiye mpata pamwamba woti mpweya wotentha uzitulukira. Chachitatu, amene angathe akwirire paipi yotakata, mamita awiri kuya kwake, kutalika mamita 20 kapena 30. Mbali imodzi itulukire pamthunzi wa mtengo, inayo m'khola. Mpweya ukamadutsa pansipo umafika utazizirako, makamaka mukauthandiza ndi kafani ka sola.

Chenjerani pa zinthu ziwiri. Paipiyo ipendekeke pang'ono ndipo ikhale ndi potulukira madzi, apo ayi mudzaweta nkhungu ndi udzudzu. Kukamwa kwake mutsekeko ndi waya wa sefa poopa makoswe ndi njoka.

Ena anena kuti kumeneku n'kubwerera m'mbuyo, kuti nyumba ya malata ndiyo chizindikiro chakuti mlimi wapindula. N'zoona, malata sadontha, sapsa ndi moto wolusa, ndipo udzu ukusowa masiku ano. Sindikuletsa malata. Ndikungoti ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, malata opanda chotchinga kunsi ndi chilango kwa ana ndi ziweto zomwe.

Pempho langa lipite kwa akatswiri a ku Bunda ndi alangizi athu. Mangani khola lachitsanzo la paipi yokwirira pafupi ndi msika, muyese kutentha kwa mkati ndi kwa kunja mu Okutobala, manambala mutiuze patsamba lino. Mlimi amakhulupirira zimene waona ndi maso. Ine langa ndayamba kale kukumba ngalande, dzuwa lisadandilandenso nkhuku.