Kodi ba Papa Adziwa Dzina Lanu?

Pa Mande m'mawa ntchito yanga yoyamba si kuphunzitsa ayi, koma kubweza madesiki m'malo mwake. Kalasi imene ndimaphunzitsamo imasanduka tchalitchi pa Sondo, monga makalasi ambiri muno mu Lusaka, ndipo zimenezo ndinazizolowera. Koma tsiku lina ndinapeza pa bolodi atajambulapo ndi choko chinyumba chachikulu cha magalasi, pansi pake atalemba kuti "mipando 5,000". Anthu amene amapemphera m'kalasi imeneyo ndimawadziwa, sakwana 40. Sindinawaseke, poti kulota si mlandu. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano ngakhale za Mulungu tayamba kuziyesa ndi mipando.

Kwerani minibasi ya ku Lilayi pa Sondo madzulo mumve achinyamata akukangana za mipingo ngati akukangana za Nkana ndi Power Dynamos. "Ise kwatu maservice ni yatatu, yonse yozula." "Iwe, kwatu maminister bankala kusogolo." "Ba Papa batu bali na mabranch mpaka ku London." Wa mpingo waung'ono amangoyang'ana pawindo mwamanyazi, ngati timu yake yatsika ligi. Ine ndikuti mkangano umenewu ndi wachabe. Ukulu wa mpingo suuza munthu chilichonse za ubwino wake, ndipo amene akukuuzani kuti khamu ndi umboni wa kudzozedwa ali ndi chimene akufuna kukugulitsani.

Chaka chatha tinaika maliro a mayi wina wa mumzere mwathu. Ankagulitsa vitumbuwa ndi tomato pa kantemba, ndipo kwa zaka 8 ankakwera maminibasi awiri Sondo iliyonse kupita ku mpingo wina waukulu kutsidya kwa tauni. Dzina la mpingowo sinditchula. Chakhumi sankaphonya, ndipo envulopu ya "mbewu" ankaitenga ngakhale mwezi umene landilodi akugogoda pachitseko. Chithunzi cha ba Papa chinali pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wake. Atamwalira, mwana wake woyamba, amene ndinamuphunzitsapo mu Giredi 9, anaimba foni ku ofesi ya mpingowo. Chinthu choyamba chimene anamufunsa chinali nambala ya khadi la chakhumi. Tsiku loika kunabwera anthu atatu ndi mbusa wachinyamata, amene anachita kundinong'oneza pa geti ya manda kuti, "Ba ticha, paja malemu dzina lawo ndani?"

Nanga amene anagona pansi mausiku atatu panyumba ya maliro anali ndani? Amayi a Chigwirizano a ku RCZ, amayi a Dorika a malaya a buluu, amayi a UCZ a mabulauzi ofiira, ndi Akatolika a m'kagulu ka dera lathu. Iwowa ndiwo anasonkha ufa, makala ndi kabichi, ndiwo anaimba mpaka mawu kusasa, ndiwo anakapempha Canter yonyamula anthu kupita ku Leopards Hill. Ndi anthu omwewo amene malemuyo ankawatchula kuti "a mipingo yozizira".

Musanandinene kuti ndikukometsera mpingo wa makolo anga, tiyeni tione kumene mipingo "yozizirayo" inachokera, chifukwa nayonso ili ndi mlandu wake. Ambiri a ife mpingo sitinausankhe. Anatisankhira ndi mmishonale amene anayamba kufika m'mudzi wa agogo athu. A Dutch Reformed anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, ndipo n'chifukwa chake Phiri, Banda ndi Tembo adzaza RCZ mpaka lero. Ansembe a White Fathers anayamba ku Mambwe mu 1891 n'kufalikira m'dziko la Abemba. François Coillard wa mishoni ya ku Paris anakhazikika ku Sefula pakati pa Alozi m'zaka za m'ma 1880. Mu 1905, Ajezwiti anamanga Chikuni ndipo a Seventh-day Adventist anamanga Rusangu, onse awiri pafupi ndi Monze. A New Apostolic anakula kwambiri Kumadzulo, a Brethren ku Kalene ndi ku Luapula. Mapu a mipingo anasanduka mapu a mitundu. Ngakhale UCZ, imene inabadwa pa 16 Januwale 1965 ku Mindolo pofuna kulumikiza mipingo ingapo kukhala umodzi, siinathe kufufuta mapuwo. Lero munthu ukamva dzina la bambo wake, kawirikawiri ukhoza kulota tchalitchi chimene anabatizidwira. Zimenezi si zonyadira.

Ndiponso achinyamata sanathawe m'mipingo imeneyi popanda chifukwa. Munali akulu a mpingo amene ankaona gitala ngati chida cha Satana. Mtsikana akatenga mimba ankamuimitsa kutsogolo n'kumudula, mnyamata amene anamupatsa mimbayo akuimba mu kwaya. Munthu wa zaka 25 analibe mawu pa msonkhano uliwonse. Mipingo ya Chipentekoste inabwera n'kunena kwa mwana wa m'komboni kuti: ndiwe munthu, ukhoza kutsogolera, umphawi si dzina lako. Uthenga umenewo unali wofunika, ndipo ena anautsatiza ndi ntchito zooneka. Northmead Assembly of God inayambitsa chipatala cha Circle of Hope chothandiza anthu amene ali ndi HIV, komanso Lazarus Project yolera ana a mumsewu. Choncho nkhondo yanga si yolimbana ndi ng'oma, malilime kapena zokuzira mawu.

Si yolimbananso ndi ukulu pawokha. Mpingo wa Katolika ndi waukulu kuposa holo iliyonse ya mneneri, ndipo a Adventist m'Zambia anapitirira mamembala miliyoni imodzi mu 2015. Koma maepiskopi a Katolika a kuno kum'mawa kwa Africa anaona kale m'zaka za m'ma 1970 kuti munthu amasowa m'khamu, n'kugawa maparishi m'timagulu ta mabanja oyandikana. A UCZ ndi a RCZ ali ndi zigawo zawo, mkulu wa mpingo amadziwa khomo lililonse. Ukulu umene uli ndi mizu yotere sundiopsa. Umene ukundiopsa ndi ukulu woimirira pa munthu mmodzi, nkhope imodzi pa chikwangwani, akaunti imodzi ya kubanki.

Mtundu umenewu sitinauyambitse ndife. Tinautengera pa TV. Ku Ota ku Nigeria, Faith Tabernacle ya David Oyedepo inatsegulidwa mu 1999 ndi mipando 50,000, ndipo kuyambira pamenepo mbusa aliyense wa m'kalasi ya sukulu amalota za nambala. Ku Seoul ku South Korea, Yoido Full Gospel Church inatchuka monga mpingo waukulu koposa padziko lonse, wa anthu oposa theka la miliyoni. Koma amene amatiuza za nambala zimenezi satiuza nkhani yonse. Satiuza kuti mu 2014 khoti linapeza David Yonggi Cho, woyambitsa Yoido, wolakwa pa kasungidwe ka ndalama za mpingo. Satiuza kuti pa 12 Sepitembala chaka chomwecho nyumba ya alendo ya mpingo wa T. B. Joshua ku Lagos inagwa n'kupha anthu 116, ambiri a iwo ochokera ku South Africa, anthu amene anapitako kukafuna machiritso. Satiuza kuti Shepherd Bushiri, amene ankadzaza masitediyamu, anachoka ku South Africa mu Novembala 2020 ali pa belo, milandu yake isanathe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndipo tisayang'ane kutali kokha. Pa 6 Malichi 2017, anthu zikwizikwi anakhamukira ku OYDC muno mu Lusaka ku mapemphero kumene analonjezedwa chakudya chaulere. Anthu 8 anafa atapondedwa pa geti. Tsiku limenelo khamu linalipo, lalikulu ndithu. Kodi linali umboni wa kudzozedwa, kapena wa njala? Ndikukhulupirira kuti m'maholo athu ambiri chimene chimadzaza mipando ndi ulova, lendi, matenda ndi mantha. Munthu wa digiri amene wakhala zaka zinayi akuponya makalata a ntchito adzapita kulikonse kumene amulonjeza kuti mwezi uno zitheka. Sindimuweruza. Ndikuweruza amene waona misozi yakeyo n'kumupatsa envulopu.

Matenda a mipando anafika ndi ku boma komwe. Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Mu Okutobala 2015, Edgar Lungu anaika mwala wa maziko a National House of Prayer ku Woodlands, nyumba ya mapemphero ya dziko lonse. Boma linasintha mu 2021 nyumbayo isanathe. Mu Januwale 2024 kolera inatseketsa masukulu athu mpaka mu Febuluwale, ndipo odwala anagonekedwa mu Heroes Stadium. Likulu la dziko limene lili ndi tchalitchi pa kona iliyonse linalephera kupatsa Kanyama madzi abwino ndi zimbudzi. Andale amakonda mipingo ikuluikulu pa chifukwa chimodzi: ndi msonkhano wa kampeni umene wina wawasonkhanitsira kale. Chisankho chikayandikira mudzawaona pa mpando wakutsogolo, Baibulo latsopano m'manja, ndipo mbusa amene walandira "mphatso ya denga" sadzatsegula pakamwa ufa ukakwera mtengo.

Yerekezani ndi nthawi zimene mipingo inathandizadi dziko lino. Mu 1991, Kenneth Kaunda ndi Chiluba anakumana mu Cathedral of the Holy Cross chifukwa atsogoleri a mipingo anawakhazika pansi dziko lisanayake moto. Mu 2001, mabungwe atatu a mipingo, la Akatolika, CCZ ndi EFZ, anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum n'kukaniza Chiluba kuimanso kachitatu. Anakaniza munthu yemwe uja amene anatipatsa dzina la dziko la Chikhristu. Mphamvu imeneyo siinachokere m'holo ya munthu mmodzi. Inachokera m'mipingo yosiyana imene inatha kuika pambali mayunifomu awo n'kunena mawu amodzi.

Yerekezaninso ndi zimene zaima kumidzi. St Francis ku Katete, Mwami ku Chipata, Nyanje ku Sinda, Macha ku Choma, Chikankata, Chitokoloki, Mukinge. Masukulu a ana osaona ndi osamva ku Magwero. Zipatala za mipingo zinapanga bungwe lawo mu 1970, limene lero timalitcha CHAZ, ndipo kumidzi yambiri mayi woyembekezera amadalira izo. Pa geti ya St Francis safunsa nambala ya khadi la chakhumi. Mpingo umene umasonkhetsa anthu zikwi khumi mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi awiri uli ndi ufulu womanga holo yake, koma ifenso tili ndi ufulu wofunsa kuti wodi ya amayi ili kuti.

Ndikudziwa vesi limene mudzandiponyera mu makomenti, lija loletsa kukhudza odzozedwa. Ine sindinakhudze munthu. Ndafunsa chabe, ndipo kufunsa ndiyo ntchito imene boma limandilipirira kuti ndiphunzitse ana anu ndi ang'ono anu. Ndikukupemphani kuti nanunso mufunse, kaya mumapemphera mu holo ya magalasi ku Emmasdale, mu katedulo, kapena pansi pa tenti ku Jack. Kodi ndalama za mpingo wanu zimawerengedwa pamaso pa anthu, zolowa ndi zotuluka? Kodi malo a tchalitchi analembetsedwa m'dzina la mpingo kapena la banja la abusa? Mtsogoleri akalakwa, alipo amene angamuitane n'kumuimitsa, kapena onse a m'komiti ndi akazi ake, mlamu wake ndi mwana wake? Mpingo wanu wachitira chiyani munthu amene si membala ndipo sadzaperekapo ngwee? Ndipo mukasowa masabata atatu, alipo amene adzagogoda pakhomo panu? Ngati kufunsa zimenezi kukupezetsani dzina la "mzimu wopanduka", yankho mwalipeza kale.

Sindikuti mutuluke mu mpingo wanu. Ngati ndi waukulu ndipo mayankho ake ndi omveka, khalani momwemo, mulowe m'kagulu ka dera lanu kuti mudziwike ndi dzina osati ndi nambala. Ngati ndi wa makolo ndipo wagona, musathawe mwakachetechete. Pitani ku msonkhano wa mpingo mukavute akuluakulu, popeza kumeneko mwina voti ilipo. Koma lekani kuchita manyazi ndi tchalitchi cha malata chimene chinaika agogo anu m'manda, ndipo lekani kunyoza amayi amene adzabwera ndi mapoto tsiku lanu likadzafika.

Chithunzi cha choko chija ndinachifufuta, chifukwa piriyodi yoyamba inali itayamba. Koma pa Chisanu ndinasiya kakalata pa tebulo ka abusa a m'kalasi mwanga. Ndinawauza kuti ali ndi chuma chimene a mipando zikwizikwi alibe: amadziwa dzina la aliyense amene amabwera, ndi la mwana wake, ndi matenda ake. Ndinawapemphanso kuti asanayambe kusonkhetsa za mipando 5,000 ija, atikonzere madesiki awiri amene kwaya yawo inathyola. Pa madesiki amenewo pamakhala ana asanu ndi mmodzi.