Kaliu Kakuti "Akuti" ndi Mabodza a Ndale pakati pa Achinyamata

Pano pa Brooklyn, mu mzinda wa Pretoria, ophunzira a sekondale amatuluka m'kalasi maso ali pa foni. Mwana wa Mmalaŵi wokhala kuno amamva za ndale za maiko aŵiri, m'zilankhulo zingapo, ndipo zina mwa izo n'zopeka. Chisankho cha pa 29 Meyi 2024 chisanachitike, panafala kanema wopangidwa ndi kompyuta woonetsa Donald Trump ngati akuyamikira chipani cha MK. Mabungwe ofufuza zoona alipo: Africa Check inayamba mu 2012, ndipo Media Monitoring Africa inakhazikitsa Real411 mu 2019. Komabe uthenga wa m'Chicheŵa wozungulira m'magulu otsekeka a WhatsApp n'ngwovuta kuufikira.

Maganizo anga ndi akuti ife akatswiri a zilankhulo tili ndi gawo pa nkhondoyi. Mcheŵa akayamba nkhani ndi kaliu kakuti "akuti", amavomera kuti sanadzionere yekha, koma mwini mauwo samutchula. Msintho wochitidwa nawo umabisa wochita: "mavoti abedwa" satiuza wakuba, monganso "zamveka kuti" satiuza wonena. Wofalitsa bodza amabisala m'mipata yotereyi. Tsono mphunzitsi wa galamala asamangolembetsa mayina a misintho ya aneni. Abweretse m'kalasi uthenga weniweni wa pa foni, nafunse ophunzira kuti: akuti ndani? Anena liti? Iwo anaona kapena anangomva?

Ena adzati mwana wophunzitsidwa chotere adzakayikira chilichonse. Nkhaŵayi n'njomveka. Mu 2019 mbiri yakuti zotsatira za chisankho cha pulezidenti ku Malaŵi zinafufutidwa ndi tipekisi inayamba kumveka ngati "akuti". Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linafafaniza chisankhocho litapenda umboni. Wongokana zonse akadalakwa mofanana ndi wongomeza zonse. Chimene tifuna n'chakuti mwana azilondola liu mpaka apeze mwini wake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipempha anzanga a Chisutu, Chizulu ndi Chishona kuti asonkhanitse timau totere m'zilankhulo zao, kuti aphunzitsi athu akhale ndi pogwira ana aŵa asanafike msinkhu woponya voti.