Wakweza Motoka pa Yadi, Koma Adzalipira ndi Okwera Kumbuyo

Pali matenda amene agwira anyamata a mamotoka muno mu Livingstone. Munthu akangogula Hilux, Surf, Prado kapena Pajero, asanasinthe ndi oyilo yemwe, maso ali kale pa lift kit. Aitanitsa ma spring ndi ma shock ku Lusaka kapena ku Johannesburg, aonerera mavidiyo awiri pa YouTube, Loweruka aitana anzake atatu ndi kireti ya Mosi, dzuwa likamalowa motoka yaima m'mwamba ngati nyamalikiti. Mukamufunsa chifukwa chake, yankho ndi lomwelo: "Njira za ku Mukuni, mudala, zimafuna motoka yaitali."

Ine ndikana. Njira za ku Mukuni sizinapemphe zimenezo. Ndipo nchito ya Loweruka limodzi, yogwira ndi sipanala zobwereka, imasiya motoka yosavuta kugubuduzika ndiponso yochedwa kuima. Mwini wake amakhala kutsogolo ndi lamba pachifuwa. Amene alibe lamba ndi aja akhala kumbuyo kwa vaneti.

Tiyambe ndi funso limene ambiri safunsa: kodi lift kit imakweza chiyani? Imakweza bodi ndi chasisi. Diff ya kumbuyo, chija chimutu chozungulira pakati pa ekiselo, imatsala pamene inali, chifukwa imakhala pa mawilo, osati pa ma spring. Pa Land Cruiser 79, 80 ndi Patrol, zimene zili ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo, ma diff onse awiri amatsala pansi. Mwala wakuda wa ku Batoka Gorge umene unagunda diff yanu chaka chatha udzaigundanso chaka chino, ngakhale mutakweza bodi mpaka kukwerera pa makwerero.

Chimene chimakweza diff ndi tayala lalikulu, ndipo nalonso lili ndi mtengo wake. Tayala la 265/70R16 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 777. La 285/75R16, limene anyamata amalikonda, ndi 834. Kusiyana ndi 57, koma diff imakwera ndi theka chabe, mamilimita 28, ngati zala ziwiri. Pa zala ziwirizo mwalipira chiyani? Sipidomita iyamba kunama: ikaonetsa 100, mukuthamanga 107. Mabuleki avutika kugwira wilo lalikulu ndi lolemera, injini ilema pa chitunda, mafuta athera panjira.

Nanga mchenga? Mudzi wa Mukuni uli pa mchenga, ndipo tinjira topita ku Songwe ndi kumene a rafting amatulukira m'chigwa ndi mchenga wosakaniza ndi miyala. Pa mchenga motoka siititimira chifukwa chofupika. Imatitimira chifukwa tayala lolimba limakumba m'malo moyandama. Mankhwala ake ndi aulere: chotsani mpweya, kuchoka pa 2.2 bar kufika cha pa 1.5, tayala litambasuke, lowetsani four-wheel musanafike povuta, yendani mosadukiza. Mukabwerera pa tara, pompaninso. Kapampu kolumikiza ku batire ndi geji ya mpweya sizifika ndi kota ya mtengo wa lift kit, koma pa mchenga zimaiposa kutali.

Manje tifike pa nkhani yeniyeni. Mukakweza bodi, injini, tanki ya mafuta, anthu ndi katundu, zonse zakwera, koma mawilo a kumanja ndi a kumanzere atalikirana monga kale. Aliyense amene anamangapo matumba a malasha pa njinga amadziwa kuti katundu akapita m'mwamba, njinga imagwa ndi kakhona kakang'ono. Motoka siisiyana.

Ku Sweden kuli magazini ya mamotoka, Teknikens Värld, imene imayesa motoka moikhotetsa mwadzidzidzi ngati ikuzemba nyama yaikulu ya kwawo, moose. Mu 2016 anayesa Hilux yatsopano, yosakwezedwa, pa liwiro la makilomita 60 chabe pa ola, ndipo mawilo awiri ananyamuka, motoka kutsala pang'ono kugubuduzika. Zinachitikanso ndi Hilux mu 2007. Iyo inali motoka monga inatulukira ku fakitale. Ife tilibe moose, tili ndi njovu. Aliyense woyenda pa Mosi-oa-Tunya Road madzulo amadziwa kuti njovu zimadutsa pamenepo osapempha chilolezo. Kumidzi kuli ng'ombe, mbuzi, ndi ana othamangitsa mpira. Tsiku lozemba mwadzidzidzi limafika kwa dalaivala aliyense. Kodi tsikulo mufuna motoka yanu ikhale yaitali kuposa imene inatsala pang'ono kugwa ku Sweden?

Ndipo kumbukirani amene timanyamula. Vaneti yopita ku Mukuni siiyenda yopanda kanthu. Kumbuyo kumakhala osema ziboliboli opita kukagulitsa ku Mukuni Park ndi ku mathithi, amayi ochokera ku msika wa Maramba ndi matumba a unga, anyamata onyamula mabwato a rafting, anthu a pa maliro, ndi khamu lopita ku mwambo wa Lwiindi. Ena amakhala pa mphepete, ena amaima. Onsewo akuonjezera kulemera m'mwamba. Palibe anawafunsa ngati avomera kuti motoka ikwezedwe. Amene ali pansi nawonso sanafunsidwe: bull bar ikakwera imagunda woyenda pansi pachifuwa m'malo mwa miyendo, mwana woima pafupi ndi bonati saoneka, ndipo malaiti osakonzanso amathobwa m'maso dalaivala wobwera kutsogolo pa Nakatindi Road.

Wina adzati, "Iwe ukudana ndi munthu wodzigwirira nchito yekha." Ayi. Dziko lino limayenda chifukwa cha anthu odziwa kugwira sipanala. Ndikudana ndi nchito yathekatheka. Vidiyo imatha pamene spring yalowa, koma nchito yeniyeni imayambira pomwepo.

Pa Hilux ndi Prado zimene wilo lililonse la kutsogolo limayenda palokha, kukweza kumapendeketsa ma CV joint ndi ma ball joint kuposa mmene anapangidwira. Mphira yong'ambika ilowetsa mchenga, ndipo mchenga mu girizi ndi msasa. Ball joint ikaguluka mukuthamanga, wilo limapindikira mkati. Pa ekiselo yolimba, caster imachepa, sitelingi n'kuyamba kusokera, ndipo panhard rod imakokera ekiselo kumbali. Mapaipi a mphira a mabuleki amakokeka wilo likalendewera m'dzenje. Mamotoka ambiri akale ali ndi valuvu kumbuyo imene imayesa katundu poona mmene bodi yatsikira. Mukakweza osaisuntha, imaganiza kuti vaneti ilibe kanthu ngakhale mwanyamula anthu 10, n'kuchepetsa mabuleki a kumbuyo. Ma bush a mphira amamangidwa motoka itaima pa mawilo ake, osati ili pa jeke, apo ayi amang'ambika msanga. Ma U-bolt akale sabwezeredwa, ndipo atsopano amamangidwanso mutayenda makilomita mazana angapo. Pomaliza pali alignment, imene siichitika ndi chingwe ndi diso. Ndi angati mwa anyamata a Loweruka aja amene ali ndi torque wrench? Ndi angati anamvapo za valuvu ija?

Ngakhale pa yadi pomwepo pali imfa. Coil spring yopanikizidwa imasunga mphamvu yothyola nsagwada kapena kudula chala chopanikizira chikaterereka, ndipo ena amaimanga ndi waya kapena lamba wa katundu. Motoka ya matani awiri ikhazikidwa pa jeke ndi mabuloko a simenti, pa mchenga, munthu n'kulowa pansi pake. Buloko silichenjeza, limangophwanyika. Jeke ndi yonyamulira, si yosungira. Ndi ma axle stand pa thabwa lolimba amene amasunga moyo wa munthu.

Winanso adzati, "Koma makampani a safari amakweza zawo." Zoona, ena amakweza. Yang'anitsitsani mmene amachitira. Amasankha ma spring molingana ndi kulemera kumene motoka idzanyamula tsiku ndi tsiku, amakweza pang'ono, ali ndi makanika woiona kawirikawiri, ndipo m'paki amayenda pang'onopang'ono. Makampani odziwika ngati Old Man Emu ndi Ironman 4x4 amagulitsa ma spring osiyana a katundu wopepuka ndi wolemera, ndipo ma kit awo ambiri amakweza cha pa mamilimita 40 mpaka 50. Mnyamata wa mu Dambwa kapena Libuyu amene motoka yake imathera sabata yonse pa tara, n'kupita ku Mukuni kamodzi pa mwezi, akutengera maonekedwe a safari, osati chisamaliro chake.

Nanga ndalama? "Garaji ndi yodula." Inde. Koma werengerani matayala awiri a kutsogolo odyeka mbali imodzi miyezi ingapo, ma CV joint, ndi mafuta. Kenaka tengani pepala lanu la inshuwalansi, muwafunse ngati adzalipira ngozi ya motoka imene munaisintha osawauza. Musadalirenso kuti fitness ya RTSA ndiyo idzakugwirirani zolakwa zonse. Woyesa amaona motoka tsiku limodzi, inu mumaiyendetsa masiku 365. Walira mvula walira matope.

Ngati motoka yanu yatsika, kawirikawiri vuto ndi ma spring otopa ndi ma shock akufa. Ikani atsopano a msinkhu wa fakitale, mudzadabwa mmene idzaimira ndi mmene idzagwirira msewu wa mabampu. Gulani matayala abwino a saizi yake, pampu, geji ndi fosholo. Ikani chitsulo choteteza pansi pa injini. Zimenezi zikufikitsani ku Songwe ndi kubwerako.

Ngati nchito yanu ikufunadi kukweza, monga kunyamula katundu wolemera m'tinjira ta miyala sabata iliyonse, musapyole mamilimita 50. Gwirani nchitoyo ndi makanika amene anaigwirapo kale, pa simenti, ndi ma stand ndi chopanikizira spring chenicheni, mowa udikire. Musanyamule munthu musanapite ku alignment, musanakonze valuvu ya mabuleki ndi malaiti. Uzani a inshuwalansi. Ndipo kuyambira tsikulo chepetsani liwiro pa makhona, chifukwa motoka mwakwerayo si ija munaizolowera.

Kwa inu okwera, alongo ndi abale anga: mukaona vaneti yaima m'mwamba ngati pa nsanja, kumbuyo kwadzaza kale, muli ndi ufulu wofunsa amene anaikweza, ndiponso wodikira ina. Ndipo iwe mnzanga wa sipanala, motoka ndi yako, palibe akukana. Koma amayi aja akhala pa thumba la unga kumbuyo ndi amayi a munthu, ndipo kwawo akuwadikira.