Kutsika Phiri Ukadwala Si Manyazi

Chaka ndi chaka anthu zikwizikwi amakwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lomwe nsonga yake ili pa mamita 5,895. Pakati pawo pamakhala ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, ena atazolowera Sapitwa pa Mulanje, amene ali pa mamita 3,002 okha. Ambiri amachenjezedwa za litsipa, nseru ndi chizungulire. Ochepa ndi amene amauzidwa kuti matenda a kumtunda angathenso kuundanitsa magazi m'mitsempha. Kusauzidwa kumeneku n'kulakwa, chifukwa munthu wodziwa zimenezi sangakakamire kugona m'tenti podikira kuti achire.

Pansonga ya Kilimanjaro mpweya ndi wopepuka kwambiri, moti munthu akapuma kamodzi amalandira pafupifupi theka la okosijeni amene akanalandira m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Thupi limayankha mwa kupuma mofulumira, ndipo mpweya wouma ndi wozizirawo umachotsa madzi ambiri. Mkodzo umachuluka m'masiku oyamba, madzi a m'magazi amachepa, magaziwo n'kuyamba kulimba ngati phala losowa madzi. Munthu akakhalitsa kumtunda, impso zimatulutsa timadzi totchedwa erythropoietin, tomwe timachulukitsa maselo ofiira, ndipo magazi amalimbirako.

Apa ndi pamene matenda a kumtunda amaonjezera ngozi. Wodwalayo amasanza, madzi samwa, ndipo amagona tsiku lonse atapinda miyendo chifukwa cha kuzizira. Magazi olimba akamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha ya m'katumba, amaundana. Ntchintchi ya magaziyo ikathothoka imadutsa mumtima n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, amene anali kale pa ntchito yolemetsa. Ina imaundana m'mitsempha ya muubongo. Madokotala a asilikali a ku India anaona zimenezi kawirikawiri mwa anyamata athanzi otumizidwa ku Ladakh ndi ku Siachen, kuposa mwa anzawo a kuchigwa. Osuta fodya, amayi akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, ndiponso amene magazi awo anaundanapo kale, ngozi yawo ndi yaikulu koposa.

Ena amanena kuti kuundana kwa magazi sikuchitikachitika pa ulendo wa sabata imodzi, ndipo kukamba za iko n'kuopseza alendo pachabe. N'zoona kuti ambiri amabwerako bwinobwino. Koma zizindikiro zake zimasocheretsa. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, munthu amati ndi kutopa kwa ulendo. Chifuwa chikabaya ndipo mpweya ukabanika ngakhale ali chikhalire, amati ndi mmene limakhalira phiri. Chenjezo la mphindi zisanu asananyamuke likhoza kum'dziwitsa kuti nthawi yotsika yakwana.

Chimene chimatsekereza anthu kumtunda ndi ndalama ndi manyazi. Wina walipira zochuluka, walonjeza abale chithunzi cha pansonga, ndipo wasankha njira ya Marangu ya masiku 5 chifukwa ndi yotsika mtengo, ngakhale kuti akatswiri amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000 asakweze malo ogona ndi mamita oposa 500 pa tsiku. Wonyamula katundu naye amabisa ululu poopa kuti sadzalembedwanso ntchito. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choncho makampani okweretsa anthu mapiri ayenera kufotokoza za magazi oundana monga amafotokozera za litsipa, ndipo wonyamula katundu akatsika chifukwa cha matenda azilandira malipiro ake onse. Wokwera phiri asankhe ulendo wa masiku ochulukirapo, azimwa madzi okwanira, aziyendayenda pamsasa. Mwendo umodzi ukatupa, chifuwa chikabaya, kapena mutu ukapweteka mosaleka mpaka kuona zinthu ziwiriziwiri, atsike tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala, ndipo akauze dokotala kutalika kwa malo amene anafika.