Musaiwale Pusi Popita ku Katemera

Abale anzanga a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, sabata ino ndati tikambeko za mphaka. Eee, yemwe uja timamusungira makoswe, koma akadwala timangoti "adziwa yekha, ali ndi mankhwala ake ameneyo."

Mankhwala ake ndi asilikali a m'thupi, monga ife tomwe. Kachirombo kakalowa, thupi limatentha, pusi amaleka kudya n'kukabisala kunsi kwa bedi. Apo nkhondo yayamba. Asilikali oyamba amangomenya mlendo aliyense. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, thupi limakhala litapanga zida zolimbana ndi kachirombo komweko basi, ndipo silikaiwala nkhope yake. Chimfine cha amphaka chimachepa choncho, ngakhale kachirombo kena kamatsalira m'thupi n'kudzadzukanso pusi akafooka.

Palinso kamene ena amakatcha Edzi ya amphaka, FIV, kamene Niels Pedersen ndi Janet Yamamoto adakatulukira ku California mu 1986. Kamapha asilikali pang'onopang'ono, ndipo amphaka aamuna amapatsirana polumana usiku pamadenga pathupa. Koma mtima m'malo, musathamangitse pusi: sikagwira munthu, ndipo mphaka amatha zaka ali gwa.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi chiwewe. Kachirombo kameneka n'kakathyali. Kakalowa pabala, m'malo modzera m'magazi momwe asilikali amalondera, kamazembera m'minyewa mpaka kukafika ku ubongo. Asilikali podzidzimuka, madzi afika kale m'khosi. Mphaka akayamba kuchita dovu ndi ukali, palibenso chomupulumutsa, ndipo mwana amene walumidwa ndiye ali pamoto.

Katemera amaonetsa asilikali nkhope ya mdani asadafike, kuti amugwire pachipata pomwepo. Mu 2015 a Mission Rabies adabaya agalu opitirira 35,000 muno mu Blantyre. Ntchito yotamandika, poti chiwewe chambiri chimachokeradi kwa agalu. Koma taonani pamzere wa katemera ku Zingwangwa kapena Chilomoni: agalu okhaokha pazingwe. Nanga pusi, yemwe amagona ndi ana pamphasa, ndani amunyamule?

Akakwana miyezi itatu, muikeni m'dengu, mutseke bwino, mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Ndipo akakulumani, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa.