NDARAMA ZA KHOFI ZIFIKE KWA WOTHYOLA

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse, tifuna kuti mumve za amai a dziko la Peru, ku South America, pakuti cimene anacita iwo cikhudza mlimi ali yense wa khofi.

M'caka ca 2004 amai 464 a m'mapiri a kumpoto kwa dzikolo, a m'bungwe la alimi lochedwa CECANOR, anapangana kuti khofi wao azisonkhanitsidwa payekha ndi kugulitsidwa pa dzina lake-lake, Café Femenino. Kufikira nthawi imeneyo amai ndiwo anali kupalira ndi kuthyola, koma tsiku la malipiro wokalandira anali bambo. Tsono anamvana ndi kampani yogula khofi ya ku America pa mfundo ziwiri: munda umene mai alima ukhale m'dzina lake, ndipo ndarama zipatsidwe m'manja mwake. Pamwamba pa mtengo wa Fair Trade wogulayo anayamba kuonjeza masenti 2 a ku America pa paundi ili yonse. Masenti 2 ndi ocepa, inde, koma cacikuru cinali dzina la mai m'buku la bungwe.

Kodi wogula wa kutali alipiriranji mtengo woposa? Cifukwa khofi wotere sapezeka mwa ulesi. Kuti achedwe wolimidwa mwacilengedwe, munda uyenera kukhala zaka 3 wosathiramo feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala ophera tizirombo, ndipo oyendera amabwera kudzaona ngati ziri zoona. M'malo mwake mlimi athira manyowa ndi makoko a khofi oolerana, nabzala mitengo ya mthunzi. Kuti achedwe wapamwamba, akatswiri olawa ayenera kumpatsa mamalikisi 80 kapena kuposa pa 100. Mamalikisi amenewa acokera ku dzanja lothyola zipatso zofiira zokha-zokha, kuzimenya tsiku lomwelo, kutsuka, kuyanika pa thandala ndi kusankha njere zoipa imodzi-imodzi. Munthu wosaona phindu la thukuta lake angasamale cotero kufikira liti?

Tidziwa kuti ena adzati izi zipasula mabanja, pakuti mwamuna ndiye mutu wa nyumba. Ife titi cimene cipasula banja ndi ndarama za caka cathunthu kuthera pa mowa, ana ali kunyumba opanda yunifomu. Bambo wanzeru sataya kanthu mkazi wake akalembedwa m'buku; khofi akakoma, mtengo ukwerera onse a m'nyumbamo.

Kuno kwathu sitiyambira pacabe. Alimi ang'ono-ang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi agulitsa kale khofi wao pamodzi mwa bungwe la Mzuzu Coffee, ndipo aonetsa kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Cotsala ciri m'nyumba zathu ndi m'misonkhano yathu.

Cifukwa cace tipempha a pampando ndi alembi a nthambi kuti pa msonkhano ukudzawu afunse mafunso awa poyera. Mwa amai othyola khofi m'mudzi mwanu, angati ali ndi mitengo yolembedwa m'dzina lao? Angati alandira okha malipiro? Angati akhala m'komiti? Amai, bwerani nonse, ndipo musakhale kumbuyo pa mphasa. Lembi alembe mayankho, asabise ngakhale acititse manyazi, ndipo nthambi ipangane cocita khofi asanapse.