Nsomba zikavuta m'chilimwe, sinthani nyambo, musachepetse maso a ukonde

Dzuwa la Okutobala likalimba kwathu ku Dwambazi, msodzi wa bwato laling'ono amene amapha m'mbali mwa nyanja amayamba kudandaula kuti nyanja yauma. Amapalasa m'mawa, n'kubwerako masana ndi nsomba zosakwana ndiwo za tsiku limodzi. Pa 1 Novembala makoka okokera kumtunda amayamba kuletsedwa kuti chambo chiswane, ndiye mavuto amachita kusanjikizana. Pamenepa ndi pamene ena amatulutsa neti ya udzudzu usiku, ena n'kukasinja katupe kukathira m'madziwe a mumtsinje. Ine ndikuti njira yodutsira miyezi imeneyi tili nayo kale, ndipo ndi mbedza. Chimene chikutisowa ndi luso losankha nyambo, kuya kwa madzi ndi nthawi yoponya, luso limene agogo athu anali nalo koma ife tikulitaya tikuona.

Tiyambe ndi chifukwa chimene nsomba zimavutira. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madzi a pamwamba pa nyanja ya Malawi amazizira kufika madigiri 23 kapena 24. Chilimwe chikafika pachimake amatentha mpaka 28 n'kuposa, makamaka m'malo osaya a mchenga ngati athu ano. Nsomba zazikulu sizikonda kuthamangitsa chakudya m'madzi ofunda ndi owala chotere. Zimatsikira pansi, zimabisala m'miyala ndi m'mabango, ndipo zimadya m'bandakucha, chisisira kapena usiku. Sizinathawe m'nyanja ayi. Zangosintha pokhala ndi nthawi ya chakudya, pamene msodzi akuponyabe pamalo a dzana, pa ola la dzana, ndi nyambo ya dzana.

Malume anga anali katswiri wa ncheni, ndipo m'miyezi yotentha sankachedwa ndi madzi a m'mbali. Ankanyamuka nthanda isanazime, n'kupalasa mpaka pamene madzi amasanduka akuda bii. Nyambo yawo yoyamba inali usipa wauwisi, woukola kumutu kuti uziyenda mowongoka ngati wamoyo. Koma mwezi ukamawala usiku wonse, usipa subwera pa nyali, asodzi a kauni amagona kumtunda, nyambo n'kusowa. Apo ankatenga supuni yakale, n'kudula chogwirira, n'kuboola mbali zonse ziwiri ndi msomali. Ankaipukuta ndi mchenga wonyowa mpaka iwale ngetingeti, kenaka n'kuipinda pang'ono pa bondo kuti ikamakokedwa izigwedezeka mopendama. Kumbuyo ankamanga mbedza ndi kanthenga koyera ka nkhuku. Pa chingwe, mikono iwiri kutsogolo kwa supuniyo, ankamangapo pulagi yakutha ya galimoto kuti nyambo imire. Akapalasa kwa kanthawi popanda chogunda, ankawonjezera chingwe mikono isanu, n'kuchepetsa liwiro. Ankandiuza kuti: "Mphwanga, ncheni sifuna usipa wathanzi, imafuna wodwala. Palasa ngati watopa."

Nzeru imeneyi si ya ku Dwambazi kokha. M'chaka cha 1936, msodzi wina wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anaona pa nyanja ya Päijänne kuti nsomba zikuluzikulu zimasankha kansomba kovulala pakati pa gulu lonse. Anasema kansomba ka khungwa lopepuka la mtengo, n'kukakuta ndi pepala lonyezimira, kuti kazisambira motsimphina. Lero dzina lake ndi la kampani yotchuka padziko lonse yopanga nyambo. Ku America ndi ku South Africa, anthu owedza nsomba ya bass amachita mipikisano, ndipo kukatentha malangizo awo ndi omwewa: tsikira pansi, koka pang'onopang'ono, funa mthunzi, dzuka m'mamawa. Bass mulibe m'nyanja yathu, ndipo asadzayerekeze wina kuibweretsa. Nyanja ya Victoria inataya mitundu yochuluka ya nsomba zake chifukwa cha nsomba yachilendo ya Nile perch imene anaiikamo m'zaka za m'ma 1950. Chimene tingatengeko kwa anzathuwo ndi ulemu umene amapereka ku luso la nyambo. Iwo amalilemba m'mabuku, ife timaliona ngati ntchito ya ana ndi nkhalamba.

Nsomba iliyonse ili ndi pakamwa pake. Mlamba umatsata fungo, choncho m'madzi odikha a pamathiriro a mtsinje wa Dwambazi umafuna nyongolotsi zonenepa, matumbo a nkhuku kapena usipa wogonetsa, nyambo itagona pansi penipeni, dzuwa litalowa. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimatuluka, zina n'kugwera pamadzi, ndipo masiku amenewo mbedza yaing'ono yokola ngumbi kapena chiwala imapha kuposa china chilichonse. Madzi a mtsinje akafiira ndi matope, kanthu konyezimira sikaoneka, ndiye bwererani ku nyambo ya fungo. Madzi akayera mbee, chepetsani kukula kwa chingwe chifukwa nsomba imachiona. Mukaponya kwa theka la ola osamva kanthu, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya kuya, kaya nyambo, kaya malo, kuti mudziwe chimene chathandiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa msodzi sikutanthauza kukhala chete pamalo amodzi tsiku lonse.

Pa kampango ndiyenera kulankhula mosamala. Amadya usiku, pafupi ndi miyala, ndipo usipa wokoledwa pa mbedza yaikulu amaumeza mosavuta. Komatu m'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika kampango pamodzi ndi chambo pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kampango ndi kholo lachikondi: wamwamuna ndi wamkazi amalondera chisa limodzi, ndipo wamkazi amaikira mazira ena oti ana ake azidya. Mukapha makolo pachisa, ana onse amatha ndi nsomba zina. Choncho mbedza nayo ingathe kuwononga ikakhala m'manja mwa munthu wadyera. Ubwino wake ndi woti imakupatsa mpata wosankha. Kukula kwa mbedza kumasankha kukula kwa nsomba, ndipo yaing'ono ikakodwa umaichotsa bwinobwino pa mbedza n'kuibweza yamoyo. Neti ya udzudzu sisankha. Imakokolola kasawala, bonya ndi mazira omwe. Katupe ndiye amapha nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe m'dziwe, n'kuipitsa madzi amene amayi akutunga kumunsi.

Ndikudziwa chimene anyamata a pa doko angandiyankhe: "Akulu, mbedza ingadzaze beseni? Fizi ya mwana ituluka pamenepo?" Funso lake ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Mbedza singafanane ndi chilimira pa kuchuluka kwa nsomba. Koma tiwerengere bwino. Wowedza safuna injini, petulo, nyali kapena gulu la anthu khumi oti agawane nawo. Ncheni zingapo zazikulu kapena mlamba wabwino, zikaikidwa pamsewu wa M5 pamene amadutsa a ku Nkhata Bay, ku Dwangwa ndi ku Salima, zimagulidwa pamtengo umene mulu wa tiana ta nsomba sungafike. Ndipo kasawala amene mwamusiya mu Novembala ndiye chambo chimene mudzagulitse mtsogolo muno. Lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15 ndi mpasa wosakwana masentimita 30 pa chifukwa chomwechi.

Mpasa ndi phunziro lina. Nsomba imeneyi imakwera mitsinje kukaswana, ndipo mtsinje wa Bua umatchuka nayo chifukwa umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Kumene mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ilipo, madzi amakhala oyera ndipo timiyala toikirapo mazira sitikwiririka ndi matope. Kumene tadula mitengo, talima mpaka m'mphepete ndi kutchinga mathiriro ndi maukonde, mpasa wasowa. Nyambo yabwino singathandize mumtsinje wopanda nsomba.

Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu amamvera chifukwa potsegulira amaona phindu ndi maso awo. Ifenso tili ndi mafumu, tili ndi makomiti a pa doko a BVC, tili ndi alangizi a nthambi ya za usodzi. Koma ntchito yawo yambiri imathera pa kulanda ndi kutentha maukonde oletsedwa. Kulanda n'kofunika, koma munthu amene mwamulanda neti mawa lake amadzuka ndi njala yomweyo. Mupatseni china chogwira.

Pempho langa ndi ili. A BVC, isanafike Novembala itanani akuluakulu odziwa mbedza amene atsala m'midzi mwathu, akhale pansi pa mtengo ndi anyamata, awaonetse kamangidwe ka mfundo, kakoledwe ka usipa, kasulidwe ka supuni ndi malo a miyala ya pansi pamadzi. Alangizi a usodzi, bweretsani mbedza za misinkhu yoyenera ndi zingwe zolimba pamisonkhano yanu, osati machenjezo okhaokha. Eni magolosale a pa Dwambazi, gulitsani zipangizo zimenezi pamtengo woti mnyamata angakwanitse. Ndipo inu ogula, mukaona tiana ta chambo pa thandala, pitirirani osagula. Tikachita zimenezi chaka chino, miyezi yotseka nyanja idzatha popanda mwana kugona ndi njala komanso popanda neti ya udzudzu kulowa m'madzi.